Adaputa ya foni ya pa intaneti

Adaputa ya foni ya pa intaneti ndi kabokosi kamagetsi kamene kamalumikiza foni wamba ya m'nyumba, ya nthambo ija, ku intaneti, kuti munthu aziimba ndi kulandira mafoni popanda laini ya kampani ya lamya. Pa Chingerezi imatchedwa analog telephone adapter, ndipo ambiri amangofupikitsa kuti ATA. Kumbuyo kwake kumakhala mabowo olowetsamo nthambo za mafoni, bowo la nthambo yopita ku router, ndiponso polowera magetsi. Ntchito yake ndi kusandutsa mawu a munthu kukhala tizidutswa ta data totumizika pa intaneti, ndi kubwezanso tizidutswa tochokera kwa woyankhula naye kuti timveke ngati mawu. Njira yoimbira foni yotereyi imatchedwa VoIP.

Maadaputa ambiri amatha kunyamula malaini angapo nthawi imodzi. N'chifukwa chake amapezeka m'makomo momwe muli nambala ya banja ndi ya bizinesi, m'maofesi ang'onoang'ono, ndi m'nyumba zogona alendo. Kusankha adaputa yoyenera kumadalira kumvetsa chimene mawu akuti "laini" akutanthauza, pakuti pa VoIP mawuwa amaimira zinthu zitatu zosiyana.

Mbiri

Kuyankhulana pa intaneti kunayamba kufika kwa anthu wamba mu 1995, pamene kampani ya ku Israel yotchedwa VocalTec inatulutsa pulogalamu ya pa kompyuta ya Internet Phone. Nthawi imeneyo onse awiri, woimba ndi wolandira, ankayenera kukhala pa kompyuta. Mu 1999 bungwe la IETF linasindikiza ndondomeko yotchedwa SIP, yofotokoza momwe zipangizo ziwiri zingaitanirane, kugwirizana ndi kutsanzikana pa intaneti. Ndondomekoyi inakonzedwanso mu 2002 mu chikalata cha RFC 3261, ndipo ndi imene maadaputa ambiri amatsatira kufikira lero.

Mu 2000 kampani ya Cisco inagula kampani ya Komodo Technology, ndipo pambuyo pake inatulutsa adaputa ya mabowo awiri ya ATA 186. Kampani ya Vonage ya ku United States inkapereka adaputa imeneyi kwa makasitomala ake oyambirira. Jan Fandrianto, yemwe anayambitsa Komodo, anayambitsanso Sipura Technology, imene maadaputa ake a SPA-2000 ndi SPA-3000 anatchuka chifukwa mwini wake ankatha kuwatchera yekha. Cisco inagulanso Sipura mu 2005 n'kuiphatikiza ndi nthambi yake ya Linksys. Adaputa ya Linksys PAP2, ya mabowo awiri, inafalikira m'maiko ambiri. Makampani ena amene anadzadziwika pa malondawa ndi Grandstream ndi Obihai. Obihai inagulidwa ndi Polycom mu 2018.

Momwe imagwirira ntchito

Foni wamba payokha sidziwa kanthu za intaneti. Imayembekezera zinthu zochepa zimene kale zinkachokera ku likulu la kampani ya lamya kudzera m'mawaya awiri a kopa: magetsi a pafupifupi 48 volts, kulira kosonyeza kuti laini ili bwino munthu akanyamula foni, ndi magetsi amphamvu kuposa pamenepo oliritsa belu wina akamaimba. Adaputa imatsanzira zonsezi, kotero kuti foniyo "imaganiza" kuti ili pa laini yakale.

Mabowo a foni alipo a mitundu iwiri. Bowo la FXS ndi lopereka magetsi ndi kulira, ndipo ndi mmene mumalowa foni, fakisi kapena tsinde la foni yopanda nthambo. Bowo la FXO ndi lolandira: mumalowa laini yochokera ku kampani ya lamya, ndipo adaputayo imakhala ngati foni pa laini imeneyo. Mabowo awiriwa amaoneka chimodzimodzi, pakuti onse amalandira pulagi ya RJ11, koma ntchito yawo ndi yosiyana kotheratu.

Ku mbali ya intaneti, adaputa imalembetsa ku seva ya kampani ya VoIP pogwiritsa ntchito dzina ndi pasiwedi, ndipo imabwereza kulembetsako pakapita nthawi yoikika kuti sevayo izidziwa kumene ingaipeze. Mauthenga oitana ndi otseka foni amayenda pa SIP. Mawu enieniwo amayenda padera, pa ndondomeko ina yotchedwa RTP. Kusiyana kwa njira ziwirizi ndi kumene kumachititsa kuti nthawi zina foni ilire bwinobwino koma mawu osamveka.

Matanthauzo atatu a "laini"

Pa lamya yakale, mawaya awiri, nambala imodzi ndi kucheza kumodzi zinali chinthu chimodzi. Pa VoIP zitatuzi zinalekana.

Choyamba ndi bowo. Bowo lililonse la FXS limanyamula munthu mmodzi woyankhula payekha. Mafoni awiri olumikizidwa ku bowo limodzi amalira pamodzi, ndipo wonyamula foni yachiwiri amangolowa m'nkhani ya woyamba.

Chachiwiri ndi akaunti, imene kawirikawiri imabwera ndi nambala yake. Maadaputa ena amalola akaunti imodzi pa bowo lililonse. Ena amalola maakaunti ambiri kuposa mabowo. Mwachitsanzo, OBi200 ili ndi bowo limodzi la foni koma imasunga maakaunti anayi: foni imodzi imalira pa manambala onse anayi, koma woyankhula amakhala mmodzi basi.

Chachitatu ndi chiwerengero cha mafoni amene kampani ya VoIP imalola kuti ayende nthawi imodzi pa akauntiyo, chimene makampani amachitcha channels. Adaputa ingakhale ndi mabowo anayi, koma ngati kampani ikulola foni imodzi yokha pa nthawi, munthu wachiwiri woimba amamva kuti laini yatanganidwa. Ngakhale kuimika foni imodzi kuti munthu ayankhe ina, kapena kulumikiza anthu atatu, kumafuna njira ziwiri zotere.

Motero wofuna "malaini awiri" amayamba wadzifunsa kuti akufuna chiyani kwenikweni. Ngati ndi mayi woyendetsa bizinesi ali yekha pakhomo, wofuna kuti nambala ya bizinesi ndi ya banja zizilira pa foni imodzi, bowo limodzi ndi maakaunti awiri n'zokwanira, makamaka adaputayo ikamatha kuliza nambala iliyonse mosiyana. Ngati ndi anthu awiri ofuna kuyankhula nthawi imodzi, aliyense ndi womuimbira wake, pamafunika mabowo awiri ndi njira ziwiri, ngakhale nambala itakhala imodzi.

Kusankha adaputa

Chiwerengero cha mabowo a FXS ndicho choyamba kuona. Pa maadaputa a Grandstream, HT801 ili ndi bowo limodzi, HT802 awiri, HT814 anayi, ndipo HT818 asanu ndi atatu. Pa a Cisco, SPA112 ndi ATA 191 ali ndi awiri, pamene SPA8000 ili ndi asanu ndi atatu. Pakafunika malaini anayi, munthu angagule adaputa imodzi ya mabowo anayi kapena awiri a mabowo awiriawiri. Imodzi imachepetsa nthambo ndi ntchito yotchera. Awiri amathandiza pamene mafoni ali m'zipinda zotalikirana, komanso imodzi ikawonongeka malaini ena amatsala akugwira.

Chachiwiri ndi ngati pakufunika bowo la FXO. Wofuna kusunga laini yake yakale ya kampani ya lamya pambali pa ya intaneti amafuna adaputa monga SPA3102 kapena HT813, zimene zili ndi bowo limodzi la FXS ndi limodzi la FXO. Mabowo awiriwo sakutanthauza mafoni awiri, ndipo apa ndi pamene ogula ambiri amasokonezeka poona chithunzi chokha.

Chachitatu ndi ngati adaputayo ndi yotsekedwa. Makampani ena a VoIP amapereka maadaputa otchereratu kuti azigwira ntchito ndi kampani yawo yokha, ndipo masamba otcherera amakhala obisika. Adaputa yotere ikagulidwa kwa munthu wina imatha kukhala yopanda ntchito. Wofuna kuika makampani awiri osiyana pa malaini awiri amafuna adaputa yosatsekedwa imene imalola seva yosiyana pa laini iliyonse.

Chachinayi ndi msinkhu wa adaputayo. Maadaputa akale monga PAP2 ndi SPA3102 analeka kupangidwa ndipo salandiranso zokonza za pulogalamu yake. Amagwirabe ntchito, koma mipata ya chitetezo ikapezeka sitsekedwa, ndipo ena satha kubisa mauthenga m'njira zimene makampani amafuna masiku ano. Ena akale analinso ndi mphamvu yochepa moti sankatha kupanikiza mawu pa malaini onse awiri nthawi imodzi.

Pomaliza pali zofuna zapadera. Wotumiza fakisi amaona ngati adaputa ndi kampani yomwe zikudziwa ndondomeko ya T.38. Mafoni akale ozunguza ndi chala amagwira pa maadaputa ena okha. Maadaputa ena, monga SPA122 ndi HT812, ali ndi router yawo m'kati. Pakhomo pamene pali router kale, mbali imeneyi nthawi zambiri imazimitsidwa.

Intaneti imene malaini amafuna

Kuchuluka kwa data kumadalira njira yosandutsira mawu, yotchedwa codec. Njira ya G.711, imene bungwe limene lero ndi ITU-T linakhazikitsa mu 1972, imatenga makilobiti 64 pa sekondi ndipo mawu ake amamveka ngati a lamya yakale. Ili ndi mitundu iwiri: mu-law ya ku North America ndi Japan, ndi A-law ya maiko ena ambiri. Njira ya G.729 imapanikiza mawu kufika makilobiti 8 pa sekondi, koma mawu amatsikako pang'ono ndipo fakisi sidutsa.

Manambala amenewa ndi a mawu okha. Kachidutswa kalikonse kamanyamulanso keyala ndi zizindikiro zokwana mabaiti 40, ndipo tizidutswa 50 timatumizidwa pa sekondi iliyonse ngati kalikonse kanyamula mawu a mamilisekondi 20. Zikaphatikizidwa, foni imodzi ya G.711 imafuna makilobiti 80 pa sekondi kupita ndi ena 80 kubwera, pamene ya G.729 imafuna 24. Mafoni anayi a G.711 oyenda nthawi imodzi amafuna makilobiti 320 pa sekondi mbali iliyonse. Kwa wogula data ya bandulo, ola limodzi loyankhula pa G.711 limadya pafupifupi mamegabaiti 72, pamene pa G.729 limadya pafupifupi 22.

Data imeneyi ndi yochepa, koma mawu sapirira kuchedwa. Chikalata cha G.114 cha ITU-T chimalangiza kuti mawu asachedwe kupitirira mamilisekondi 150 kuchokera kwa woyankhula kufika kwa womvera. Kuchedwa kukakula, anthu amayamba kudulana mawu. Tizidutswa tikamafika modukizaduka kapena kutayika, mawu amathothoka. Izi zimachitika kwambiri wina m'nyumbamo akamatumiza mafayilo aakulu, ndipo mankhwala ake ndi kutchera router kuti izitsogoza tizidutswa ta adaputa, njira yotchedwa QoS.

Kutchera malaini

Kutchera kumayamba ndi kulumikiza adaputa ku router ndi nthambo ya Ethernet, kulowetsa mafoni m'mabowo ake, kenako kuyatsa. Router imapatsa adaputayo keyala ya IP. Poti adaputa ilibe sikirini, keyalayo imamveka pa foni: pa maadaputa a Linksys ndi a Cisco SPA munthu amadina nyenyezi zinayi kenako 110#, ndipo pa a Grandstream amadina nyenyezi zitatu kenako 02. Keyalayo ikalembedwa pa kompyuta ya m'nyumba yomweyo, masamba otcherera amatseguka.

Laini iliyonse imakhala ndi tsamba lake. Pamenepo pamalembedwa keyala ya seva ya kampani, dzina la akaunti, pasiwedi, ndi codec yofunika. Ndi bwino kutchera laini imodzi, kuiyesa poimba ndi polandira, kenako n'kupita ku yachiwiri, kuti vuto likabuka lidziwike kumene lachokera.

Malaini a mu adaputa imodzi amagawana keyala ya IP imodzi, choncho amasiyanitsidwa ndi nambala ya port. Port yodziwika ya SIP ndi 5060. Maadaputa a Linksys amapatsa laini yoyamba 5060 ndi yachiwiri 5061, pamene a Grandstream amapatsa yachiwiri 5062. Malaini awiri akapatsidwa port imodzi mwangozi, mafoni amatha kulira pa laini yolakwika kapena laini ina kulephera kulembetsa. Maadaputa awiri akakhala kuseri kwa router imodzi, ambiri amasintha manambala a port a yachiwiri kuti asafanane ndi a yoyamba, chifukwa si router iliyonse imene imawasiyanitsa bwino.

Laini iliyonse ilinso ndi dongosolo la manambala, lotchedwa dial plan. Dongosololi limauza adaputa manambala ololedwa, nthawi yodziwira kuti munthu wamaliza kudina, ndi zosintha nambala isanatumizidwe. Mwachitsanzo, banja lokhala ku Britain lingaike nambala ya komweko pa laini yoyamba, ndi kampani ya mitengo yotsika ya kunja pa laini yachiwiri yoimbira abale ku Malawi. Pa adaputa ya Linksys, lamulo lakuti <0:00265>[89]xxxxxxxx pa laini yachiwiriyo limachotsa 0 woyamba n'kuikapo 00265, kotero kuti nambala ya TNM kapena ya Airtel imadinidwa monga momwe imadinidwira kumudzi. Nambala imene sikugwirizana ndi lamulo lililonse imakanidwa, choncho manambala a ngozi, monga 999 ndi 112 ku Britain, sayenera kuiwalika.

Chomaliza ndi kugwirizanitsa adaputa ndi mafoni a dzikolo. Maadaputa ambiri amabwera otcheredwa motsatira za ku North America, pamene kaliridwe ka belu, kulira kwa laini ndi njira yoonetsera nambala ya woimba zimasiyana dziko ndi dziko. Belu la ku United States limayendera magetsi a 20 hertz, la ku Britain 25 hertz. Izi zikapanda kusinthidwa, foni imatha kulira popanda kuonetsa nambala, kapena woyankhula kumamva mawu ake omwe akubwerera. Mafoni a ku Britain ali ndi pulagi yawoyawo yosiyana ndi RJ11, ndipo akale amafuna kolumikizira kokhala ndi capacitor kuti belu lilire.

Mawaya a m'nyumba

Nyumba imene ili kale ndi masoketi a foni m'zipinda ingagwiritse ntchito mawaya omwewo, koma choyamba mawayawo ayenera kudulidwa ku laini ya kampani ya lamya pamene imalowera m'nyumba. Laini yosiya kulipiridwa imatha kukhalabe ndi magetsi, ndipo magetsiwo akakumana ndi a bowo la FXS adaputa imatha kupsa.

Laini iliyonse imafuna mawaya ake awiri. M'nyumba zakale za ku North America nthambo ya foni imakhala ndi mawaya anayi: wofiira ndi wobiriwira a laini yoyamba, wachikasu ndi wakuda a laini yachiwiri. Mabowo awiri a FXS salumikizidwa konse ku mawaya amodzimodzi.

Palinso malire a mafoni amene bowo limodzi lingalize. Foni iliyonse ili ndi nambala ya REN yosonyeza mphamvu imene belu lake limakoka. Manambalawa akaphatikizidwa n'kupitirira malire olembedwa a adaputayo, mafoni amalira mofooka kapena salira n'komwe.

Mavuto odziwika

Vuto lofala kwambiri ndi mawu kumveka mbali imodzi yokha. Limachokera ku router, imene imabisa zipangizo za m'nyumba kuseri kwa keyala imodzi ya kunja, njira yotchedwa NAT. Adaputa imauza seva keyala yake ya m'kati, imene kunja sikudziwika, ndipo mawu obwera amasochera. Pofuna kuthetsa izi, adaputa imauzidwa kufunsa keyala yake ya kunja ku seva ya STUN, kapena mawu amadutsitsidwa pa seva ya kampani. Marouter ambiri ali ndi gawo lotchedwa SIP ALG limene linapangidwa kuti lithandize, koma nthawi zambiri limasokoneza mauthenga, ndipo makampani ambiri a VoIP amalangiza kulizimitsa.

Vuto lina ndi kutha kuimba koma osalandira. Router imatseka njira imene yakhala kanthawi osagwiritsidwa ntchito, ndipo kuitana kochokera kunja kumapeza potseka. Adaputa ikatcheredwa kutumiza kauthenga kakang'ono pafupipafupi, njirayo imakhala yotseguka. Izi zimafunika kwambiri pa intaneti ya makampani a foni za m'manja, kumene makasitomala ambiri amagawana keyala imodzi.

Nthawi zina makina oyankha okha, monga a ku banki, samva manambala odinidwa foni ili m'kati. Apa njira yotumizira manambalawo ya adaputa imakhala yosiyana ndi ya kampani. Yodziwika kwambiri ndi ya RFC 2833, imene inalowedwa m'malo ndi RFC 4733 mu 2006.

Chitetezo

Akaunti ya VoIP ndi ndalama. Akuba amene apeza dzina ndi pasiwedi amaimba mafoni ambirimbiri a kunja, ndipo ngongole imagwera mwini akauntiyo. Malaini akachuluka, kuba kumathamanganso, chifukwa mafoni angapo amayenda nthawi imodzi. Chitetezo chimayamba ndi kusintha pasiwedi imene adaputa inabwera nayo, kupatsa akaunti iliyonse pasiwedi yake yaitali, ndi kusalola kuti masamba otcherera atsegulidwe kuchokera kunja kwa nyumba. Makampani ambiri amalolanso kuika malire a ndalama kapena kutseka maiko amene munthu saimbirako.

Mafoni olira usiku, oonetsa nambala yaifupi ngati 100 kapena 1000, opanda woyankhula, amachokera ku mapulogalamu ofufuza zipangizo za SIP pa intaneti. Amatha adaputa ikauzidwa kulandira kuitana kochokera ku seva ya kampani yokha. Kumene kampani ikulola, TLS imabisa mauthenga a SIP ndipo SRTP imabisa mawu.

Magetsi akazima ndi mafoni a ngozi

Lamya yakale inkalandira magetsi kuchokera ku likulu la kampani, choncho inkagwirabe ntchito nyumba ili mumdima. Adaputa imadalira magetsi a m'nyumba, ndipo magetsiwo akazima malaini onse amazima pamodzi. Batire la UPS limathandiza pokhapokha litanyamula adaputa, router, ndi chipangizo cholandirira intaneti; foni yopanda nthambo imafunanso magetsi pa tsinde lake.

Nambala ya VoIP simangiriridwa ku nyumba. Adaputa ikasamutsidwa, nambala imasamuka nayo, ndipo olandira mafoni a ngozi sadziwa kumene woimba ali pokhapokha keyala italembetsedwa ku kampani. Pa malaini angapo, akaunti iliyonse imafuna keyala yake yolondola, ndipo makampani ena salumikiza konse mafoni a ngozi. Pa chifukwa chimenechi bungwe la FCC la ku United States linalamula mu 2005 kuti makampani a VoIP olumikizana ndi lamya wamba azipereka 911. Ku Britain, kumene kampani ya BT inalengeza kuti idzatseka lamya yakale pofika Januwale 2027, bungwe la Ofcom linanena mu 2018 kuti makampani akhale ndi njira yoti makasitomala athe kuimba foni ya ngozi kwa ola limodzi kapena kupitirira magetsi atazima. Mabelu oitanira chithandizo a okalamba ndi maalamu a akuba amene ankayendera lamya yakale sagwira onse pa adaputa, ndipo amayenera kuyesedwa laini yakale isanadulidwe.

Njira zina

Adaputa ndi mlatho wosungira mafoni ndi mawaya amene alipo kale. Pamene palibe foni yakale yosunga, foni ya IP imalumikizidwa ku router mwachindunji, imanyamula maakaunti angapo okhala ndi batani lakelake, ndipo imatha kupereka mawu omveka bwino kuposa a foni wamba. Tsinde la DECT lodziwa SIP limagawira manambala osiyana ku mafoni angapo opanda nthambo. Pulogalamu ya SIP ya pa foni ya m'manja imachita zomwezo popanda chipangizo china. Malaini akachuluka n'kufuna kupatsirana mafoni pakati pa zipinda, ntchitoyo imaposa ya adaputa, ndipo pamafunika makina a PBX monga Asterisk, pulogalamu imene Mark Spencer anayamba kulemba mu 1999. Pamenepo adaputa imangotsala ndi ntchito yolumikiza mafoni akale ku makinawo.